Nsalu ya m'Ng'oma ya Malume

Malume anga a Sakala atamwalira, abale pogawa katundu anandipatsa ng'oma zawo za bandi. Kwathu kwa Ansenga katundu wa mwamuna amatsata ana a mlongo wake, ndipo mwa ana a mayi anga ndine ndekha amene ndimaimba ng'oma kutchalitchi. Panalibe wotsutsa. Amai Sakala, mkazi wa malemuwo, anakhala duu pamphasa, mutu uli pansi, pamene ng'omazo zinkakwezedwa pangolo. Ine ndinangoti n'chisoni cha maliro basi.

Ng'omazo zinali zakale kuposa ine. Malume ankaziimba m'mabala a mumsewu waukulu wa ku Chipata ali mnyamata, ndipo zitafika kwanga ku Petauke zinali zomvetsa chisoni. Dzimbiri linali paliponse, zikopa zinali zong'ambika, mkombero wina unali womanga ndi waya, pedulo yopondera ng'oma yaikulu inalibe sipuling'i. Ntchito yanga ndi yometa anthu, ndipo ometa tili ndi matenda amodzi, sitifuna kuona kanthu kosalongosoka. Ndinaziika kuseri kwa shopu n'kuyamba kuzipala ndi sandipepa makasitomala akachepa.

Kenaka amai Sakala anaimba foni kuchokera kumudzi, kwa Mwape, kundiuza za tsiku lovundukula mwala wa pamanda a malume.

"Lazalo, ubwele nazo ng'oma zija," anatero. "Zonse, mwana wangu. Osasiyako kanthu olo kamozi."

"Musade nkhawa amai," ndinayankha. "Zizabwela zonse, zong'anima."

Ine ndinamva kuti akufuna ng'oma zokwanira bwino, ndiye ndinalowa m'kusaka zida ngati wopenga. Sipuling'i ndinaipeza kwa wokonza njinga zamoto pafupi ndi msika. Mabawuti oyenera anasowa m'mashopu onse, mpaka wowotcherera wina anandisulira atsopano, atandibweza kangapo. Mkombero ndinakaupempha kutchalitchi china kwa Kalindawalo, kumene ng'oma yawo inaphwanyika kalekale n'kusanduka chisa cha nkhuku, ndipo ndinapalasa njinga tsiku lonse chifukwa cha chitsulo chimenecho. Zikopa zapulasitiki zinachokera ku Lusaka pabasi. Zoyamba zinabwera zazing'ono, ndinazibweza, n'kudikiranso.

Nditatsegula ng'oma yaikulu kuti ndiike chikopa chatsopano, ndinapezamo chitenje chakale chofwifwa, maluwa ake osaonekanso bwino. Ngodya zake ziwiri zinali zopotana, zosawongoka ngakhale uzikoke. Sindinadabwe, chifukwa oimba ng'oma za bandi amaikamo nsalu kuti ng'oma isamabwebwete. Ndinachichotsa, ndinaikamo siponji yatsopano yoyera. Chitenjecho ndinapukutira dzimbiri kangapo, ndipo tsiku la ulendo ndinakulungiramo pedulo kuti isakalike m'chikwama.

Ndinanyamuka Lachisanu m'mawa, mwambo uli Loweruka. Ndinavala jekete ndi tayi. Mkazi wanga anandiyang'ana pakhomo n'kufunsa ngati ndikupita kumanda kapena kukafunsira mbeta, ine n'kungonyamula chikwama.

Pasiteshoni nkhondo inayamba ndi kondakita wa minibasi ya ku Nyimba. Ankafuna ng'oma zonse zikwere padenga pamodzi ndi matumba a mtedza. Ine ndinakana kuti yaikulu siingakhale padzuwa.

"Ngati ni munthu, alipile monga munthu," anatero kondakita.

Ndinalipira mipando iwiri, ng'oma n'kukhala pawindo, ine pambali pake. Tinadikira kuti basi idzaze mpaka dzuwa linayamba kuluma. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, n'kubwereranso pomwepo, anthu amene ndinkayesa apaulendo anzanga n'kumatsika mmodzimmodzi basi ikamadzaza, poti anali ongokhalamo kuti ioneke yodzaza. Mayi wina wa yunifolomu yachipatala anafunsa ngati ndikupita ku ukwati, ndipo pamenepo anandiputa. Ndinafotokozera basi yonse za sipuling'i, za mabawuti, za mkombero wa kwa Kalindawalo, za zikopa za ku Lusaka. Ndinawauza kuti ng'omazi ndinazipeza zili ngati zinyalala, zomangamanga ndi mawaya mwachimidzi, mkati muli masanza. Ndikakumbukira mawu amenewo lero ndimafuna kubisa nkhope.

Titadutsa Minga, m'basi munayamba kununkha mphira wopsa, nthunzi n'kutuluka pansi pa mpando wa dalaivala. Tinaima pamalo opanda nyumba, mtengo wamthunzi umodzi wokha. Injini ya minibasi imakhala pansi pa mipando yakutsogolo, ndiye okhala kumeneko anatsika, dalaivala n'kutukula mpando. Paipi yamadzi inali itang'ambika. Kondakita anatenga chigubu kukasaka madzi kumudzi umene sitinkauona n'komwe, ife n'kuunjikana pamthunzi. Mabasi akuluakulu a ku Lusaka ankatidutsa ndi mphepo yawo, osacheuka. Bambo wina wogula thonje ankaimba foni mokuwa kuti ali pafupi kufika.

Dalaivala anali ndi malegeni a mphira afupiafupi, ndipo anati pamafunika nsalu yokulunga kaye paipiyo, yopaka sopo, malegeni azibwera pamwamba. Anafunsa ngati alipo ali ndi kasanza. Azimayi anayang'ana kumbali, aliyense atagwira chitenje chake. Ine, pofuna kuoneka munthu wothandiza, ndinatsegula chikwama n'kuvundukula pedulo.

"Tengani ici," ndinatero. "Chilibe nchito."

Anachiluma m'mphepete ndi mano, n'kuching'amba pakati, kweee. Theka lina anakulungira paipi, lina anapukutira manja akuda ndi oyilo n'kuliponya padashibodi. Madzi atabwera injini inalira, anthu n'kundiombera m'manja. Mayi wachipatala uja anati Mulungu andidalitse. Ndinakonza tayi, ndinakhala pampando wanga ngati phungu.

Ku Nyimba tinafika masana, ogulitsa nthochi atazinga basi tisanatsike n'komwe. Galimoto yopita kwa Mwape inali imodzi yokha tsikulo, kanta yonyamula simenti, malata ndi anthu pamwamba. Inaima kuseri kwa msika, ndipo mwini wake anati tinyamuka manjemanje, mawu amene aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo lake. Ndinasamutsa ng'oma ndi wilibala, ndinaziunjika pakhonde la golosale, n'kukhala pansi kudya nthochi.

Pakhondepo panali mkulu wina wowonda, wa chipewa chofiirira, atagwira ndodo pakati pa miyendo. Anayang'ana ng'omazo nthawi yaitali. Kenaka anadzuka, anayendetsa chala pamkombero wa ng'oma yaikulu mpaka anapeza pamalo pofobokera, pamene ine ndinalephera kuwongola.

"Apa inamenya ni botolo, ku Katete," anatero. "Izi ni ng'oma za Sakala."

Anali a Njobvu, amene ankaimba gitala m'bandi imodzi ndi malume, ndipo nawonso ankapita kumwambo womwewo. Ndinasangalala kuti ndapeza munthu woyamikira ntchito yanga, ndinayambanso nkhani ya mabawuti. Iwo sankamvetsera. Anagogoda chikopa ndi chala, n'kutchera khutu, n'kugogodanso.

"Nsalu ilimo?"

"Nsalu iti, bambo?"

"Mbeleko ya mwana."

Ndinaika nthochi pansi. A Njobvu anakhala pansi n'kufotokoza pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuganiza kuti ndikudziwa kale theka la nkhaniyo.

"Amalume anu enze na mwana mmozi chabe, kamtsikana. Kanamwalila kakalibe kuyamba kuyenda, ise tili paulendo wa bandi. Akuluakulu anati vonse va mwana vipite naye kumanda, kuti amake asazilila masiku onse. Sakala anabisa mbeleko mu ng'oma. Nanga ndani angafunse nsalu mu ng'oma? Tenze kuziwa ni ise atatu, eve, mkazi wake, na ine. Akabwela kunyumba, mkazi enze kumasula chikopa, aigwilako, abwezamo."

"Nanga amai pamalilo sanakambe bwanji?" ndinafunsa.

"Mkazi wamasiye akambe kuti ng'oma isachoke? Abale anu sembe anati akanilila chuma. Mumawaziwa mweka."

Ndinkawadziwadi. Ndinakumbukira mutu wowerama pamphasa paja, ndi mawu a pafoni akuti osasiyako kanthu. Ngodya zopotana zija ndi pamene pankamangidwa mfundo pachifuwa. Ndinawauza a Njobvu zimene ndinachita ku Minga, maso anga ali pa nsapato zawo. Sanakalipe. Anangoti, "Thamangani."

Ndinathamanga, jekete, tayi ndi zonse, kudutsa pakati pa matebulo a tomato. Minibasi ija inali itadzaza kale anthu obwerera ku Petauke, injini ikulira, kondakita akumenya chitseko. Ndinaima kutsogolo kwake manja m'mwamba.

"Nifuna nsalu yanga," ndinauza dalaivala, ndikupuma mwawefuwefu.

"Iti? Kasanza kaja? Bambo, mwanipasa mweka!"

"Niziwa. Nalakwisa. Nipempha chabe."

"Kali pa paipi! Mufuna nitsitse anthu, nizimye injini, chifukwa cha kasanza? Mwamwa?"

Basi yonse inayamba kundinena. Wina anati tayi yandifinya magazi osafika kumutu. Wina anati m'nsaluyo muli mankhwala a bizinesi, n'chifukwa chake ndikutuluka thukuta. Ogulitsa nthochi anasiya malonda kudzaonerera. Ndinayesa kunena kuti ndigula chitenje chatsopano, kuti ndiwonjezera ya mafuta, koma phokoso linangokula. Nkhani imene anthu atatu anaisunga moyo wawo wonse, ine ndinaikhuthula pasiteshoni ya Nyimba, chifukwa ndinalibenso njira ina.

"Ni mbeleko," ndinatero. "Ya mwana wamene anamwalila. Amake ailindila kumunzi."

Kutsogolo, pampando wa painjini, kunakhala mayi wachitsikana wobereka khanda. Anatsegula chitseko, anatsika, n'kuima pambali akugwedeza mwana wake. Bambo amene anali naye pampandopo anatsikanso. Dalaivala anazimitsa injini. Phokoso lonse linatha, ndipo bata limenelo linandipweteka kuposa kunyozedwa kuja, chifukwa tsopano aliyense ankadziwa kuti munthu wa tayiyu anapereka mbereko kuti apukutire oyilo.

Paipi inali yotentha, tinadikira kuti izizire anthu onse akundiyang'ana. Ndinathamangira kumsika kukagula malegeni aatali. Dalaivala atamasula nsaluyo anati pakufunikabe china chokulungira, ndiye ndinavula tayi n'kumupatsa. Palibe anaseka. Theka lachiwiri kondakita anali atapukutira kale galasi lakutsogolo, analitulutsa kuseri kwa mpando, analikutumula, n'kulipinda bwinobwino asanandipatse ndi manja awiri. Ulemu wakewo unandiwonjezera manyazi.

Nditabwerera ndinapeza kanta itadzaza, anthu akudandaula. A Njobvu anali atakweza ng'oma zonse, iwo n'kuima pansi atatsamira chitseko cha dalaivala, akuti mwendo wagwidwa dzanzi, sangakwere msanga. Atandiona dzanzi linatha.

Msewu wa kwa Mwape ndi wa fumbi, miyala ndi zitunda. Tinakhala pamatumba a simenti, malata akulira pansi pa mapazi athu. Pachitunda china galimoto inadumpha, chogwirira cha njinga ya munthu wina n'kubaya chikopa chatsopano cha kang'oma kakang'ono, chimodzi mwa zija za ku Lusaka. Mwini njinga anayamba kupepesa ndi mantha. M'mawa ndikanamudya wamoyo, koma apa ndinangomuuza kuti palibe kanthu. Maganizo anga onse anali m'thumba la jekete mmene munali nsalu ziwiri zonunkha.

Tinafika pamtsinje wouma wamchenga, matayala n'kutitimira. Amuna tinatsika kukankha, kuika nthambi, kukankhanso, mpaka dalaivala anati simenti itsike kaye. Pamene ena ankatsitsa matumba, ine ndinaona pachitsime chokumba mumchenga pamene amayi ena ankachapa. Ndinapempha kasopo, ndinanjuta, n'kuyamba kufikisa. Oyilo sanachoke. Nsalu yokalambayo inayamba kusosoka m'manja mwanga, pakati n'kutseguka kabowo.

"Lekani," anatero a Njobvu kumbuyo kwanga. "Muzaisiliza."

Ndinaiyanika pabondo galimoto itanyamukanso. Pamenepo m'pamene maganizo oipa anandifikira. Sipanala ndinali nayo. Ndikanatha kumasula chikopa pofika, kuponyamo nsaluzo, n'kunena kuti ndinazipeza choncho, mwina makoswe, mwina malume omwe. Ndinayang'ana a Njobvu kuti mwina andiuza chochita, koma iwo ankayang'ana mitengo. Ndinalimbana nawo maganizowo mpaka tinayamba kuona madenga a mudzi.

Tinafika dzuwa litapendeka. Pabwalo panali anthu ambiri, azimayi akusefa munkoyo woti anthu adzamwe mawa, abale anga atakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango. Ataona ng'oma zikutsika, zikung'anima, anaimirira n'kuyamba kundiyamika kuti malume anasiya katundu m'manja oyenera. Amai Sakala anatuluka m'nyumba akupukuta manja. Anandipatsa moni, anapatsa moni a Njobvu, koma maso awo anali pa ng'oma yaikulu.

Ndinapempha kuti tilowe m'nyumba, ine ndi iwo. Anakhala pamphasa. Ine ndinagwada, ndinatulutsa nsalu ziwiri zija, n'kuziika patsogolo pawo. Ndinafotokoza zonse, za siponji, za dzimbiri, za paipi ya ku Minga, ngakhale za pasiteshoni pamene ndinaulula nkhani yawo kwa anthu osawadziwa. Sindinasiyeko kanthu.

Anazitenga, anaziyala pamiyendo, anazilumikiza pong'ambika paja. Zala zawo zinafufuza mpaka zinapeza ngodya zopotana, imodzi ku theka ili, ina ku theka linalo. Anapitiriza kusisita ngodyazo. Ndinkafuna andikalipire, anditukwane, aitane abale onse, chifukwa zimenezo ndikanazisenza mosavuta.

"Wang'amba niwe?" anafunsa.

"Anang'amba ni dalaivala, amai. Koma wopeleka nine."

Ananunkhiza theka limodzi.

"Dizilo," anatero. "Amalume ako naonso enze kununkha chonchi akabwela ku ulendo."

Misozi inanditsika ine, iwo ayi. Anapinda theka limodzi kangapo mpaka linachepa, analilowetsa m'chiuno mwa chitenje chawo. Linalo anandipatsa.

"Zaka zonse izi tenze kuilimbilana na amalume ako," anatero. "Ine nifuna ikhale mu nyumba, eve afuna aziyenda nayo. Palibe enze na mtima woing'amba. Lomba chosamo siponji yako, iyi ibwelele mwamene inali. Ufulumile, anthu akalibe kulowa."

Ndinalowetsa ng'oma m'nyumba ngati ndikufuna kuimanga bwino, ndinamasula mabawuti anga atsopano aja, iwo atandigwirira mkombero.

M'mawa mwake, nsalu yophimba mwala itachotsedwa, ndinaimba ng'oma pambali pa manda, a Njobvu ali pa gitala yobwereka. Anthu anati zinalira ngati kale. Ine sindingachitire umboni, chifukwa nyimbo yonse maso anga anali pa pedulo, ndinalephera kudzutsa mutu. Kamodzi kokha ndinaba kuyang'ana, ndinaona amai Sakala ataima kutsogolo kwa azimayi, dzanja lili m'chiuno pamene anabisa theka lawo.

Ng'oma zinabwerera nane ku Petauke, zili kuseri kwa shopu. Makasitomala akaziona amayamikira kung'anima kwake, ena amafunsa kumene ndinapeza zida, koma nkhani ya mabawuti ndinasiya kuikamba. Theka lija lili momwemo, lakuda ndi oyilo, lobooka pakati, ndipo sindinayesenso kulichapa.